Miyezi 14 ndi injini yachiwiri: liwiro lilipo, koma katoni ya pansi sindinachotse

Mnzanga wina amene injini yake yayamba kugogoda anandiimbira sabata yatha. "Aise, iwe unasinthitsa chaka chatha chija, zikuyenda bwanji? Ndipite kwa anthu omwewo?" Ndinayamba kumuyankha, koma ndinadzimva ndekha kuti ndikungozungulira. Akadandifunsa Lamlungu m'mawa nditangotsika m'galimotomo, manja akadali kunjenjemera ndi kukoma kwake, ndikadati pita lero lomwe. Iye anandipeza Lachinayi, ndili ndi lisiti lachitatu m'thumba la malaya. Ndiye ndinamuuza kuti andipatse nthawi ndilembe zonse bwinobwino, aweruze yekha.

Galimoto yanga ndi ya mipando iwiri, injini ya masilinda 6, magiya 6 osintha ndi dzanja, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo. Injini yoyamba inafa ndi bearing ya pa crankshaft, kachitsulo kamene mtanda wozungulira wa mkati mwa injini umatsamirapo: inayamba ndi kugogoda pang'ono ikazizira, kenako potsitsa oyilo tinapezamo tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje. Ndinagula injini yokonzedwanso kwa kampani ina imene imagulitsa ndi kumangirira yokha, ndi waranti ya miyezi 12 kapena makilomita 20,000, chimene chiyambe kukwana. Ndalama zimene ndinapereka zinali pafupifupi theka la mtengo wa galimoto yonseyo. Achibale ananena kuti ndapenga. Ine ndinati wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Zabwino ndinene msanga, chifukwa zilipo. Imalira kamodzi m'mawa uliwonse. Imakoka bwino kuposa yakale ija, makamaka ikadutsa 4,000 pa rev, kutanthauza kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi. Siwotcha oyilo, ekizosi ilibe utsi wabuluu, madzi satentha mopitirira ngakhale pa mzere wa magalimoto masana. Petulo ikumwa monga mmene galimoto yotere imamwera, sindinaigulire kusunga petulo. Amene anamanga mkati mwa injiniyi ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawalande.

Vuto linali lakuti oyilo amene siwotchayo inkamutaya pansi.

Linayamba sabata yachitatu. Ndikaima pa maloboti ndinkamva fungo la oyilo wopserera likulowa pa mpweya wa m'galimoto, ndipo tsiku lina ndinaona kautsi kakutuluka m'mbali mwa boneti. Oyilo ankachucha pa gasiketi ya chivundikiro cha mavalavu n'kumagwera pa mapaipi a ekizosi, amene amatentha kufika madigiri mazanamazana. Sikuti ndi nkhani ya fungo lokha ayi, moto umayamba choncho. Ndinabwerera nayo, anandilandira bwino, anasintha gasiketi osandilipiritsa. Ndinaona kuti m'mphepete monse mwa chivundikirocho munali silikoni wochita kufinyikira panja ngati wina anali ndi mkwiyo naye, koma sindinanene kanthu. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti silikoni amene wafinyikira kunja wafinyikiranso mkati, ndipo akaduka amakatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Tsiku limenelo ndinangothokoza n'kumapita, ndipo ndinawayamikira kwa anthu awiri. Mmodzi mwa iwo ndi mnzanga wandiimbirayu.

Mwezi wachinayi ndinapeza kadontho kakuda pansi pamene ndimaimika. Ndinayala katoni. M'mawa mwake panali madontho atatu, onse pamalo amodzi, cha pakati, pamene injini imakumana ndi giyabokosi.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwadziwa anthuwa. Ulendo woyamba anati, "Bwana, ameneyo ndi oyilo wakale uja wa pa gasiketi, akungotsika. Tatsuka, muone sabata ziwiri." Zinamveka, chifukwa oyilo amatsikadi pansi ndipo mphepo ya poyenda imamukankhira kumbuyo, moti pamene akugwera si pamene watulukira. Patatha sabata ziwiri katoni inali yonyowa. Ulendo wachiwiri nyimbo inasintha: akuti ndi oyilo wa giyabokosi, ndipo giyabokosi si iwo anandigulitsa. Ndinagwada pomwepo, ndinapaka chala n'kununkhiza. Oyilo wa magiya ali ndi fungo lake la sulfure, longa mazira owola, simungalisokoneze ndi lina. Ameneyu ankanunkha injini. Ndinamupatsa chala mnyamata wa pa kauntala uja kuti anunkhize yekha. Anaseka, koma anakaitana mkulu wake.

Ulendo wachitatu ndi pamene anavomera kuti ndi siilo ya kumbuyo kwa crankshaft. Kwa amene simunakumane nayo: ndi kamkombero kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene kamatseka pamene crankshaft imatulukira mu injini kupita ku flywheel, chimbale cholemera chimene kilachi imagwirapo. Kokha sikadula. Koma kuti mukafikire muyenera kutsitsa giyabokosi, kuchotsa kilachi, kuchotsa flywheel, ntchito ya tsiku lathunthu. Ndipo apa ndi pamene anandiwerengera tizilembo ta kuseri kwa waranti: chitsulo ndi chawo, ntchito ndi yanga. Kamkombero anandipatsa ulere. Maola 9 a ntchito ndinalipira ine. Ndinafunsa kuti, "Kodi siilo imeneyi anaiika ndani miyezi inayi yapitayo?" Mkuluyo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, ndikukumvetsani, koma ndi mmene malamulo a kampani alili." Ulemu wawo sunathepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo nthawi zina ndimaona ngati umenewo ndi umene unkandipsetsa mtima kwambiri.

Inakhala youma sabata zisanu ndi imodzi. Ndinachotsa katoni. Ndinayenda nayo ulendo wautali wa misewu yokhotakhota ya m'mapiri, ndipo pobwera ndinali nditawakhululukira zonse.

Mwezi wachisanu ndi chitatu, ndikupitirira lole pa chitunda ndili mu giya 4, ndinaponda mafuta, rev inakwera, galimoto osathamanga. Kilachi ikutsetsereka. Oyilo anali atabwerera mwakachetechete, nthawi iyi n'kunyowetsa mbale ya kilachi, ndipo mbale ikamwa oyilo sichapika, n'kutaya basi. Kilachi imeneyo inali yatsopano, ndinaigula pamodzi ndi injini poganiza kuti giyabokosi isadzatsitsidwenso msanga. Waranti inati sikhudza zinthu zina zimene zawonongeka chifukwa cha vutolo. Ndinalipira kilachi yachiwiri ndi maola ena 9. Anaikanso siilo ina. Nditafunsa chifukwa chake ziwiri zalephera motsatizana, anati mwina ndimathamanga kwambiri. Galimoto ya mipando iwiri, anthuni. Ankafuna ndizinyamulira mchenga?

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu woyenda ndi lita ya oyilo wa 5W-40 kuseri kwa mpando. Pa kachitsulo koyezera oyilo, kuchoka pa mzere wa pamwamba kufika wa pansi ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo ine ndinafika poloweza kuti mtundawu ndimaumaliza masiku angati. Kukacheza kwa anthu ndinkaimika pamsewu kuopa kuwadetsera pakhomo. Mkazi wanga anasiya kufunsa kuti galimoto ili bwanji, ankangofunsa kuti katoni ili bwanji.

Madontho atabweranso kachitatu waranti inali itatsala sabata zochepa, ndipo anandiuza kuti mzere ndi wautali, ndidikire. Sindinadikire. Ndinapita kwa makaniko wina wachikulire amene amagwira yekha ndi mnyamata mmodzi, munthu wosalankhulalankhula. Nditamufotokozera kuti ndikufuna siilo yachitatu anati, "Achimwene, siilo sizifa zokha katatu. Pali chimene chikuzipha. Musagule kanthu kaye."

Zimene anachita ndinaonerera zonse, nditakhala pa tayala lakale. Anatsuka injini yonse mpaka kuuma gwa. Anathira mu oyilo kamankhwala kamene kamawala kobiriwira akaunika ndi tochi ya UV. Kenako, injini ikulira yokha, anatsegula pothirira oyilo, anatenga gulovu ya labala yopyapyala n'kuivundikira pakamwa pake, n'kumanga ndi mphira. Sipanathe mphindi, gulovu ija inayamba kufufuma, zala zisanu zonse n'kuimirira ngati ikundipatsa moni. Anandiyang'ana n'kuti, "Mwaona? Imeneyi imayenera kukokeredwa mkati."

Anandifotokozera motere. Injini iliyonse, ngakhale yatsopano, imadutsitsa mpweya pang'ono m'mbali mwa mapisitoni kupita pansi kumene kuli oyilo. Mpweya umenewu umayenera kutuluka kudzera pa valavu ya PCV ndi mapaipi ake kubwerera kumene injini imapumira, ukawotchedwe. Njirayo ikatsekeka mpweya umadzazana, ndipo umafuna potulukira. Umakankha gasiketi, umakankha siilo, paliponse pofewa. Atachotsa valavuyo anaigwedeza pafupi ndi khutu langa: zii. Paipi yake inali yotsekeka ndi phala lakuda lolimba ngati phula. Sinali ya injini yatsopanoyi. Inali ya injini yakale ija, imene anangoichotsa uku n'kumangirira uku osaitsuka n'komwe. Ndinakumbukira gasiketi ya sabata yachitatu ija, ndipo thupi lonse linazizira. Chizindikiro chinalipo kuyambira pachiyambi.

Sanalekere pomwepo. Atatsitsa giyabokosi n'kuunika ndi tochi ija, kuwala kobiriwira kunali pa siilo, inde, komanso kunali mizere yochokera pa mitu ya mabawuti a flywheel, yofalikira kunja ngati masipoko a njinga. Pa injini zina, ngati yangayi, mabowo a mabawuti amenewa amaboola mpaka mkati kumene kuli oyilo, choncho pomanga amafunika kupaka mankhwala otsekera pa mazinga ake. Anga anali ouma, ndipo mitu yake inkaoneka kuti sipanala yaidya kangapo, chikhalirecho mabawuti otere pa injini zambiri amamangidwa kamodzi n'kutayidwa. Anthu aja anatsitsa giyabokosi kawiri, ndi ndalama zanga, n'kubwezera mabawuti omwewo ali ouma.

Siilo anasinthabe, popeza inali itakankhidwa kale. Inali ya mtundu wa PTFE, pulasitiki woterera, yopanda kasipuling'i mkati. Iye anapukuta crankshaft mpaka kuuma, anailowetsa ndi kapulasitiki kamene imabwera nako osapaka oyilo ngakhale pang'ono, n'kukana kuliza injini mpaka m'mawa mwake. Akuti mtundu umenewu umafuna maola angapo kuti mlomo wake ugwire bwino chitsulo, pamene zakale za labala zija ndi zimene amazipaka oyilo poika. Ku kampani kuja galimoto ndinkaisiya m'mawa n'kuitenga madzulo ikulira. Sindinganene motsimikiza mmene ankaikira, chifukwa sankalola kulowa kumene amagwirira ntchito, koma ndimawerenga maola ndekha.

Lisiti lake ndi limene linali m'thumba mwanga Lachinayi lija. Valavu ya PCV, paipi, mabawuti 8, siilo ndi ntchito. Valavuyo, imene inayambitsa zonsezi, inali chinthu chotsika mtengo kwambiri pa lisitilo kupatula mabawuti. Kilachi yachiwiri inapulumuka, oyilo anali asanaifike. Ndikaphatikiza malisiti onse atatu, ndi oyilo wothira pansi uja, ndawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa mtengo umene ndinagulira injini.

Ndinatenga valavu yakale ija ndi mabawuti m'kajumbo n'kupita nazo ku kampani. Ndinazikhuthula pa tebulo la mkulu uja. Anaziyang'ana nthawi yaitali ndithu, ndipo sanakane kuti n'zoona. Anangotsegula fayilo n'kundionetsa mzere wonena kuti zipangizo za kunja kwa injini zimachokera pa injini ya kasitomala, ndi mzere wina wonena kuti galimoto ikagwiridwa ndi munthu wina waranti yatha. Mzere woyambawo ndinasayinira ndekha, sindikana. Koma ine sindinagule injini m'bokosi n'kukamangirira kwathu. Ndinalipira iwo kuti amangirire, ndipo munthu amene anagwira paipi yotsekeka ija m'manja n'kuibwezera anali wawo. Akadangondiimbira tsiku limenelo kuti bambo, kavalavu aka katha, tigule kena, ndikadavomera ndisanamalize kumva mtengo wake.

Atapita kukafunsa kwa akuluakulu ake anabwera ndi yankho lakuti ndalama sangabweze, koma andilembera theka la maola 18 aja kuti ndidzagwiritse ntchito pa sevisi ya m'tsogolo, ku galaja yawo yomweyo. Ndinati ndikufuna ndalama, kapena mtengo wa kilachi yoyamba ija. Anati adzandiimbira. Papita masiku 12.

Ndiye aise, yankho lako ndi ili. Injini yawo ndi yabwino, ndikadagulanso. Kumangirira sindikadawapatsanso, ndipo ngati mtengo wawo ukukakamiza kuti zonse achite iwo, usapereke ndalama asanalembe pa pepala kuti valavu ya PCV ndi mapaipi ake aika zatsopano, mabawuti a flywheel atsopano, ndiponso kuti oyilo akadontha mkati mwa waranti ntchito yotsitsa giyabokosi ndi yawo. Akakana mzere womalizawu, wadziwiratu amene adzalipire. Ukakatenga galimoto pita ndi gulovu ya labala m'thumba.

Yanga yayenda makilomita 900 chichokere kwa mdala uja. Lamlungu ndinaikweza rev mpaka pafupi ndi mzere wofiira kangapo, dala, ndipo inalira mokoma moti ndinaiwala za foni imene ndikudikira. Katoni ndi youma, koma ikhala pomwepo mpaka sabata zisanu ndi imodzi zidutse, chifukwa ulendo uja ndinaichotsa msanga. Lita ya oyilo ija ikadali kuseri kwa mpando, pamodzi ndi kajumbo ka mabawuti, kamene mkulu uja anandipempha kuti ndimusiyire ndipo ndinakana.