Magnesium, omeprazole kapena mankhwala atatu: ndi ati amene amateteza chilonda cha m'mimba kuti chisataye magazi?

Ambiri a ife amene timavutika ndi zilonda za m'mimba sitisiyana ndi mapilisi a magnesium trisilicate. Ndi otchipa, ndipo ukatafuna awiri, moto wa m'mimba umazima nthawi yomweyo. Koma ntchito yawo imathera pomwepo. Amangofooketsa asidi amene alipo kale, pakapita kanthawi mimba imapanganso wina, chilonda chili chikulirekulire. Mkaka nawonso umaziziritsa kaye, kenako umachititsa mimba kutulutsa asidi winanso.

Omeprazole amatseka kumene asidi amachokera. Sagwira msanga ngati magnesium, n'chifukwa chake ena amamusiya tsiku lachiwiri, amati ndi wachabe. Apa m'pamene ambiri timataya mwayi. Kapisozi wa 20 mg, kamodzi patsiku, mphindi 30 musanadye m'mawa, kwa masabata 4 mpaka 8, ndiye amapatsa chilonda mpata woti chipole. Chilonda chikayamba kutaya magazi, asidi amasungunula magazi amene aundana potseka mtsempha, choncho kuchipatala amapereka mankhwala a mtundu womwewu, nthawi zambiri kudzera mumtsempha. Amene mudakali ndi ranitidine (mankhwala ena ochepetsa asidi) m'kabati, dziwani kuti mayiko ambiri anamuchotsa pamsika mu 2020.

Komabe omeprazole payekha ali ndi polekezera. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anasonyeza kuti ndi koyambitsa matendawa, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka kakatsala, chilonda chimapola kenako n'kubwereranso. Kuti kafe pamafunika mankhwala atatu: omeprazole pamodzi ndi amoxicillin komanso clarithromycin kapena metronidazole, kawiri patsiku, nthawi zambiri kwa masiku 14. Sindikubisirani, ndi ovuta kumwa: m'kamwa mumawawa, ena amatsegula m'mimba, ndipo mowa ndi metronidazole siziyenderana. Koma kwa munthu amene wapezeka ndi kachilomboka, makamaka ngati anatayapo kale magazi, ine ndimaona kuti njira ndi yomweyi. Awa ndi olemberedwa ndi dokotala, ndipo muwamalize onse ngakhale ululu utatha.

Zonsezi zimapita pachabe ngati mukumwabe Brufen, diclofenac, Indocid kapena asipulini msana ukamapweteka. Mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha khoma la mimba, ndipo agogo athu amene amawamwa tsiku lililonse chifukwa cha nyamakazi ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Panado ndiye wabwino kwa ife. Ngati asipulini munapatsidwa chifukwa cha mtima, musamusiye panokha. Auzeni adokotala za chilondacho kuti aone chochita.

Chimbudzi chikada bii ngati phula n'kumanunkha moipa, kapena mukasanza magazi, kapena mukachita chizungulire poimirira, musataye nthawi ndi mapilisi alionse. Thamangirani kuchipatala. Ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amalowetsa kachipangizo ka kamera kudzera kukhosi n'kuona pamene magazi akuchokera. Kuonako n'kofunika, chifukwa kwathu kuno kusanza magazi kumabweranso ndi likodzo la m'matumbo likaononga chiwindi, ndipo limenelo omeprazole salichiza.