Mwafomata laputopu WiFi yasowa: foni pa kebulo, fulashi, dongle kapena kwa mmisiri?

Mwezi wathawu mphwanga amene amaphunzira ku Chanco, amachita lendi ku Chikanda, anatulukira kwathu ku Matawale cha m'ma 8 usiku laputopu ili mu chikwama cha kumsana, nkhope yokha ukudziwa kuti zavuta. Laputopuyo imachedwa kwambiri ndiye mnzake anamufomatira nkuikamo Windows 10 yatsopano, zonse zinayenda bwinobwino mpaka pomwe anafuna kulumikiza pa hotspot ya foni yake. Pakona pansi kumanja paja pamene pamakhala kachizindikiro ka WiFi panangokhala kadziko kozungulira kokhala ndi kachizindikiro kokaniza, ukadinapo palibe netiweki ngakhale imodzi. Apo nkuti chaputala chachitatu akufunika atumize kwa supervisor Lolemba. Iye anali atagamula kale kuti WiFi yapsa, achimwene tigulenso ina basi.

Sinapse ayi. Anthu ambiri amene ndawathandizapo pa vutoli kakhadi ka WiFi kamakhala kali bwinobwino, chomwe chasowa ndi driver, kapulogalamu kamene kamapangitsa Windows kuti ikazindikire kakhadiko. Windows imabwera ndi ma driver ambiri koma si onse, ndiye ukafomata aja akale amapita nawo limodzi. Chovuta chake nchoti driver ili pa intaneti koma kuti ufike pa intaneti ukufunika driver yomweyo, zili ngati kutsekera kiyi m'nyumba iwe uli panja. Njira zotulukira zilipo zingapo koma sizifanana, zina zimadya bandulo, zina ndalama, zina zimakubweretsera mavuto ena atsopano.

Musanasankhe chilichonse tsegulani kaye Device Manager, pamene Windows imaonetsa zipangizo zonse za m'kompyuta, dinani batani la kumanja la mbewa pa Start mupeza pamenepo. Mukaona Other devices ndipo pansi pake pali Network Controller yokhala ndi kachenjezo kachikasu, dziwani kuti ndi driver basi. Koma ngati pa Network adapters pali dzina lokhala ndi mawu oti Wireless kapena Wi-Fi lopanda kachikasu, musavutike ndi kusaka driver, onani Airplane mode, onani batani la ndege kapena la mlongoti pa mzere wa F1 mpaka F12, malaputopu ena akale ali ndi kaswitchi m'mbali komwe kamazimika ukamaika mu chikwama. Ndaonapo munthu akutha tsiku lonse pa kaswitchi kameneka.

Ine njira yomwe ndimayamba nayo nthawi zonse ndi foni ya Android pa kebulo, USB tethering, kutanthauza kuti foni ikugawira laputopu intaneti kudzera pa kebuloyo. Mumalumikiza foni ku laputopu, mulowe mu Settings, pa Hotspot and tethering, muyatse USB tethering. Pa Samsung ili pansi pa Connections, pa Tecno ndi itel ili pafupi ndi zinthu za hotspot zomwezo, ndipo imakhala yotuwa yosadinika mpaka kebulo italumikizidwa. Ubwino wake Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi driver yake yotchedwa Remote NDIS, ndiye foni imaoneka ngati waya wa netiweki, osafuna WiFi nkomwe. Mu masekondi ochepa intaneti yabwera. Palibe chipangizo chogula, foni muli nayo, kebulo muli nayo, ngakhale pakati pa usiku zimatheka.

Koma apa pali misampha itatu yomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi imene imagwetsa anthu. Woyamba ndi kebulo. Ma kebulo ambiri otchipa omwe timagula mu msika wa Zomba kapena pa depoti ndi otchajira okha, mkati mulibe mawaya a data, foni imaonetsa kuti ikutchaja koma USB tethering imakhalabe yotuwa. Ya mphwanga inali yoteroyo, tinachita kubwereka ya mlamu wake yomwe inabwera ndi foni m'katoni. Wachiwiri ndi bandulo, ngati mwagula ya WhatsApp kapena Facebook yokha kaya pa Airtel kaya pa TNM, laputopu ilumikizika koma palibe tsamba la driver lomwe litseguke, pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Wachitatu ndiye woopsa pa thumba, Windows yatsopano ikangonunkhiza intaneti imayamba kukoka ma update mwakachetechete ndipo 1GB imatha musanamalize nkulemba dzina la laputopu pa Google. Mukangolumikiza thamangirani pa Settings, Network and Internet, Ethernet, muyatse Metered connection yomwe imauza Windows kuti isadye bandulo mwachisawawa, ndipo mukafuna muikenso Pause updates. Kenako pitani molunjika pa tsamba la kampani yomwe inapanga laputopu mukatenge driver ya WiFi yokha. Amene muli ndi iPhone njirayi siyophweka chimodzimodzi, Windows imafuna driver ya Apple imene nthawi zambiri imabwera ndi iTunes, ndiye mwabwereranso pa kiyi wotsekeredwa uja, bola kubwereka Android ya neba kwa mphindi khumi.

Yopikisana nayo kwambiri ndi yokatenga driver kwina nkubwera nayo, kaya kuidawuniloda pa foni nkuikopera pa kebulo posankha File transfer, kaya pa kompyuta ya mnzanu nkuika pa fulashi. Imeneyi imasunga bandulo kuposa tethering chifukwa Windows sikhudza intaneti nkomwe, mumangolipira kukula kwa failo ija basi. Vuto lake mukuyenera kudziwa driver yeniyeni musanachoke panyumba. Anthu amaganiza kuti dzina la laputopu ndi lokwanira koma ayi, model imodzi yomweyo ina imakhala ndi khadi ya Intel ina ya Realtek ina ya Qualcomm, pa tsamba la kampani mupeza ma driver a WiFi anayi kapena asanu ndipo mukatenga yolakwika mwayenda ulendo wa ku tauni pachabe. Chinsinsi chake chili mu Device Manager momwemo, pa Network Controller paja dinani Properties, Details, musankhe Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ kenako zilembo zinayi. 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek. Jambulani mzerewo pa foni, jambulaninso sitika ya pansi pa laputopu, pa Dell pali Service Tag, pa HP ndi Lenovo pali serial number, mukailemba pa tsamba lawo la support imakubweretserani ma driver a makina anu enieniwo. Onaninso ngati Windows yanu ndi 64-bit kapena 32-bit.

Chimene sindikonda pa njira ya fulashi ndi mavairasi. Fulashi yomwe yazungulira m'malo opirintitsa ndi kufotokopa nthawi zambiri imabwera ndi kavairasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, ndipo mukuilowetsa mu Windows yomwe antivirus yake sinalandirepo update ngakhale imodzi. Mwafomata kuti muchotse zonyansa ndiye mwazibweza tsiku lomwelo. Ngati foni yanu ili ndi malo, dawunilodani pa foni, fulashi ya anthu ambiri isiyeni.

Pali njira ina yaulere kotheratu imene anthu ambiri saidziwa, ngakhale amisiri ena. Ngati amene anaika Windows sanafufute partition, gawo la hard disk lomwe munali Windows yakale, koma anangoika pamwamba pa yakale, pa C: pamatsala foda yotchedwa Windows.old ndipo ma driver akale onse ali momwemo. Pa Network Controller dinani Update driver, Browse my computer, muilozere ku C:\Windows.old\Windows\System32\DriverStore\FileRepository, muonetsetse kuti Include subfolders yachongedwa. Imafufuza yokha nkupeza. Bandulo ziro, ulendo ziro, ndipo driver yake ndi yomwe ija imagwira kale ntchito pa makinawo. Ikakhalapo imeneyi imaposa zonse, kungoti musachedwe chifukwa Windows imatha kuifufuta yokha pakapita masiku 10, ndipo ngati anafomata zenizeni foda imeneyi kulibe. Kwa mphwanga kunalibe, mnzake uja anasesa zonse.

Waya wa Ethernet sindikhalitsapo, ngati muli pa ofesi kapena pamalo pomwe pali router yokhala ndi mabowo kumbuyo yesani, nthawi zambiri driver ya waya Windows imakhala nayo kale. Koma ambiri a ife kunyumba intaneti ndi foni kapena MiFi, ndipo malaputopu opyapyala a masiku ano alibe nkomwe bowolo.

Tsopano ma driver pack, mapulogalamu aja olonjeza kuika ma driver onse kamodzi. Apa ndimasiyanitsa. Snappy Driver Installer ndi yaulere, ndipo ilibe zokakamiza, koma yathunthu yogwira popanda intaneti ndi ma GB makumi angapo, si chinthu choti munthu wa laputopu imodzi adawunilode pa bandulo, ndi ya amisiri omwe amaisunga pa external, hard disk yolumikiza pa USB, nkumagwiritsa ntchito pa makina ambiri. Ngati mnzanu ali nayo kale, chabwino, koma chongani ya netiweki yokha. Ena aja amene amangoti dinani apa zonse zitheka ndimawaopa. Neba wanga wina, mayi wa bizinesi ya zosoka, anamuikira imodzi yotere, WiFi inabweradi koma pamodzi ndi browser yachilendo, antivirus yomwe sanaipemphe ndi zotsatsa zongotulukira pakona, kuwonjezera apo inasintha driver ya touchpad yomwe inali bwinobwino mpaka kambewa kanayamba kudumphadumpha. Tinatha Loweruka lonse tikuchotsa. Vuto linali driver imodzi, mankhwala anakhudza ma driver makumi awiri.

Dongle ya WiFi, kachipangizo kolowetsa pa USB kogwira ntchito m'malo mwa khadi ya m'kati, monga kaja kakang'ono ka TP-Link TL-WN725N, anthu amathamangira kugula poganiza kuti ndiye chidule. Ine ndimati dikirani kaye. Choyamba ndi ndalama yoti simukanaononga, chachiwiri ma dongle ena nawonso amafuna driver yawo imene imabwera pa ka CD pomwe laputopu yanu ilibe poika CD, chachitatu kameneka kamagwira 2.4GHz yokha ndipo kamakutsekerani bowo limodzi la USB mpaka kalekale. Pomwe dongle imapambana ndi pamene khadi yafadi, kutanthauza kuti mu Device Manager mulibe Wireless, mulibenso Network Controller yachikasu, ndipo mwalowa mu BIOS, ma settings aja olowamo kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke, mwaona kuti wireless siyozimitsidwa. Pamenepo gulani, ndipo muyesere pa shopu pomwepo musanapereke ndalama, makamaka ngati mwachita kukwera minibasi mpaka ku Limbe.

Kwa mmisiri nkoyenera kupita ngati zonsezi zakukanikani kapena mulibe nthawi, alipo anyamata odziwa ntchito m'tauni muno ndipo ambiri amakhala ndi ma driver pa external. Chomwe ndimapempha, muuzeni momveka kuti vuto ndi driver ya WiFi yokha asafomatenso, chifukwa ena yankho lawo pa chilichonse ndi kufomata ndipo mafailo anu omwe mwangobwezeretsa amapitanso. Akamaliza mupempheni akukopereni driver ija pa D: mukhale nayo.

Kwa amene mukusamukira ku Windows 11 poti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, vutoli likupezani msanga, pa setup penipeni, chifukwa imafuna intaneti musanafike nkomwe pa desktop. Apa tethering ndiye imaonetsa mphamvu zake, mukalumikiza foni pa kebulo pa sikirini yomweyo ya netiweki imaizindikira ngati waya ndipo Next imadinika. Fulashi imathandizanso ngati munaikamo driver musanayambe, koma ndi angati amene amakumbukira.

Chinthu china chimene chimanamiza anthu, WiFi yabwera, yalumikizika, koma tsamba lililonse likukana nkumati Your connection is not private. Onani deti pakona. Makompyuta akale, makamaka ma desktop ogula kale ogwiritsidwa ntchito, kabatire kozungulira ka pa motherboard, CR2032, kamakhala katatha, magetsi akangozima deti imabwerera zaka zambiri m'mbuyo ndipo masamba otetezedwa amakana. Konzani deti, zitseguka nthawi yomweyo, kenako musinthe kabatireko.

Kwa mphwanga tinaphatikiza ziwiri. Hardware Ids inaonetsa 10EC, Realtek, tinalumikiza foni pa kebulo ya mlamu wake, Metered connection tinayatsa kaye, tinalemba serial number pa tsamba la kampani nkutenga driver imodzi yokhayo. Itangomaliza kulowa ma netiweki a maneba onse anatulukira pakona paja, hotspot yake ili pamwamba. Asananyamuke ndinamupangitsa atsegule foda pa D: yotchedwa madriver, atsegule Command Prompt ngati administrator, alembe pnputil /export-driver * D:\madriver ndipo ma driver onse omwe anaikidwa pa makinawo anakopeka momwemo, tinawaikanso pa memory card ya foni yake. Chaputala chija anatumiza Lamlungu madzulo ali ku Chikanda.