Kamakina koyezera okosijeni pa chala

Ka oximeter aka ndinawagulira bambo anga ku famase, amadwala COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo obanikitsa popuma, kamba ka fodya ankasuta kale uja. Kamagwira ntchito ndithu, mumangokapanitsa pa chala basi kakuonetsani okosijeni ndi kugunda kwa mtima pompo. Adokotala anati kwa iwowa okosijeni akakhala pa 88 mpaka 92 peresenti zili bwino, tisamalimbane ndi 99. Koma mpweya ukamachepa nthawi yaitali mbali yakumanja ya mtima imatopa kupopera magazi m'mapapo, miyendo nkuyamba kutupa, zimenezo kamakinaka sikangakuuzeni, akakolo muziwaona nokha. Chondibowa, m'mawa zala zikazizira kamanama manambala mpaka muyambe mwawatenthetsa manja. Mabatire ake ndi a AAA, muzisunga ena apadera.