Njinga zobwereka pa Riesling Trail: nyenyezi 4 mwa 5, imodzi yapita ndi chishalo

Ine ndi mayi akunyumba tinabwereka njinga ziwiri m'tauni ya Clare, ku South Australia, Loweruka lina mu Okutobala. Kuchokera ku Adelaide komwe tikukhala ndi ulendo wa pafupifupi maola awiri pagalimoto. Ine ndinatenga yakapalasa wamba, iwo anasankha ya batire. Ndinawaseka kuti ndi ulesi. Pofika madzulo amene ankaseka anali iwo.

Njira ya Riesling Trail yomwe tinapalasamo kale inali njanji. Moto wolusa wa m'chaka cha 1983 unawononga njanjiyo, sitima zinaleka, ndipo mu 1994 anaitsegula kuti anthu aziyendamo pansi kapena panjinga. Kuchokera ku Clare kukafika ku Auburn ndi makilomita pafupifupi 25. Poti sitima sikwera chitunda chamwadzidzidzi, njirayi ilibe pokuchititsa kutsika n'kumakankha. Pansi pake anathira timiyala tophwanya bwino n'kutsendera, ndipo mulibe magalimoto kupatula pamene mukudutsa msewu. Kwa munthu amene anaphunzirira njinga m'mphepete mwa msewu wa M1 akuzemba maminibasi, mtendere umenewu umachita kudabwitsa. Mbali zonse ndi minda ya mphesa, nkhosa, ndi mitengo ya bulugamu yomwe fungo lake linandikumbutsa kwathu, ngakhale kuti kwawo kwenikweni kwa bulugamu ndi kuno.

Za eni njinga, ndiyambe ndi zabwino. Mabuleki ndi magiya anali bwino, tcheni chothira mafuta. Anatipatsa zipewa zodzitetezera (kuno ndi lamulo, musayerekeze kupalasa mutu uli pamtunda), mapu, loko, ndi kachikwama ka pampu ndi chubu. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'choti ukagula vinyo m'njira sunyamula. Umangosiya dzina, iwo amadzatenga mabotolo pagalimoto n'kukusungira kushopu. Athu atatu tinawapeza ali m'katoni.

Koma chishalo, abale. Chinali chowonda ndi cholimba ngati thabwa, komanso chinkatsika chokha pang'onopang'ono, moti maondo ankafuna kugunda chigwiriro. Ndinaima katatu kuchikweza. Nditadandaula pobweza, mnyamata wapashopu anapepesa n'kunena kuti zotchingira zofewa zilipo, ndikanangopempha. Nanga mlendo angapemphe chinthu chomwe sakudziwa kuti chilipo? Wakabaza wa pa Lunzu amadziwa kuika khushoni asanauzidwe.

Malo amene tinakhalitsa ndi Sevenhill, pang'ono chabe kuchokera ku Clare. Ansembe a chipani cha Jesuit ochokera ku Austria anabzala mphesa pamenepa mu 1851 kuti azipeza vinyo wa Misa, ndipo mpaka lero vinyo wa paguwa akupangidwabe. Pali tchalitchi cha miyala cha St Aloysius, ndipo pansi pake pali manda a ansembe. Mayi akunyumba, omwe ndi a Katolika enieni, analowa kukagwada ali ndi chipewa cha njinga m'manja, ine ndili panja kuwongola msana. Kenako tinatsikira m'chipinda chapansi chosungira migolo, mozizira bwino. Riesling wa kuno, vinyo woyera amene njirayi inatengerako dzina, ndi wosatsekemera, wowawasa ngati ndimu. Amene munazolowera vinyo wotsekemera wa m'katoni, kukamwa kudzayamba kwakana. Mabotolo ake ambiri ndi otsekera chopotokola, chifukwa opanga vinyo angapo a m'chigwa cha Clare anagwirizana kusiya zotsekera za khungwa m'chaka cha 2000.

Cholakwa changa chachikulu chinali cha njira. Kuchoka ku Clare umakwera pang'ono mpaka cha ku Penwortham, kenako n'kutsetsereka kudutsa Watervale ndi Leasingham mpaka ku Auburn. Ndinkangoimba mluzu osapalasa, osaganiza kuti zonsezo ndidzazibweza. Pobwerera, titadya nkhomaliro ndi kulawa makapu angapo, chitunda chosaoneka ndi maso chija chinandigwira m'ntchafu. Mayi anangodina batani n'kundipitirira. Eni njinga akanatha kundichenjeza m'mawa muja, koma pamenepa sindiwaimba mlandu kwambiri, mapu anali m'thumba mwanga. Ngati mukufuna kupita ndi kubwerera tsiku limodzi panjinga wamba, yambirani ku Auburn kuti chitunda chachitali muthane nacho m'mawa. Apo ayi, lipirani ya batire.

Muzilawa pang'ono, poti kupalasa utaledzera ndi mlandu kuno. Tengani madzi okwanira. Ndipo miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mbalame za magpie zimateteza zisa zawo: ina inandimenya pachipewa kawiri pafupi ndi Watervale, mayi ali pambuyo kuseka mpaka kutsala pang'ono kugwa.

Tidzabwerekanso pa shopu yomweyi, koma ndidzayamba ndakhalira chishalo ndisanalipire.