NCAA Eligibility Center: Imamuthandiza Mpaka Pati Mwana Wothamanga Amene Akufuna Kupita ku Yunivesite?

Mwana aliyense amene amathamanga mitunda italiitali ku sekondale m'dziko la America, ndipo akufuna kudzapitiriza mipikisano ya liwiro pa yunivesite ya Division I kapena Division II (magulu awiri apamwamba mwa atatu amene mayunivesite amagawidwamo pa masewera), ayenera kudzera pa ofesi yotchedwa NCAA Eligibility Center. Ofesiyi ndi nthambi ya NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'mayunivesite a ku America, lomwe linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo likulu lake lili mumzinda wa Indianapolis m'chigawo cha Indiana. Ntchito yake ndi kufufuza zinthu ziwiri: ngati mwanayo anatenga maphunziro oyenera ndi kukhoza mokwanira, komanso ngati sanachitepo masewera ngati ntchito yolandira nayo malipiro. Ndikulemba monga kholo la mtsikana amene amathamanga mpikisano wa makilomita 5 m'timu ya sukulu yake kuno ku Indiana, ndipo maganizo anga ndi akuti ofesiyi imagwira bwino ntchito imene inapatsidwa, koma makolo ambiri timaisenzetsa chiyembekezo chimene si chake.

Kulembetsa kumachitikira pa intaneti ndipo sikuvuta. Pali akaunti yaulere imene mwana angatsegule ngakhale ali mu giredi 9, chaka choyamba cha ku sekondale kuno, ndipo imamupatsa nambala yake ya NCAA, yomwe makochi amafunsa akayamba kulankhula naye. Palinso akaunti yolipira, yomwe ndi imene imachititsa kuti ofesiyi iunike mapepala ake ndi kupereka chigamulo. Mtengo wake ndi madola 100 ndi pang'ono kwa ophunzira a ku America ndi Canada, ndipo ochokera maiko ena amalipira zoposa pamenepo. Ana ochokera m'mabanja opeza movutikira angathe kuchotseredwa ndalamayi kudzera mwa mlangizi wa pasukulu pawo. Ndimayamikira kuti munthu atha kuyamba ndi akaunti yaulere n'kudzalipira pokhapokha zikaoneka kuti sukulu ya Division I kapena II ili naye chidwi, chifukwa si mwana aliyense wothamanga bwino pa zaka 14 amene amafunabe kuthamanga akafika zaka 17.

Phindu lenileni la ofesiyi lili pa nkhani ya maphunziro, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Kuti mwana aloledwe kupikisana nawo mu Division I m'chaka chake choyamba, ayenera kumaliza maphunziro 16 ovomerezeka m'zaka zinayi za ku sekondale: zaka zinayi za Chingerezi, zitatu za masamu kuyambira pa Algebra I, ziwiri za sayansi, ziwiri za maphunziro a chikhalidwe cha anthu monga mbiri yakale, chaka china chowonjezera cha Chingerezi, masamu kapena sayansi, ndi zaka zinayi za maphunziro ena ovomerezeka monga zilankhulo zakunja. Magiredi a maphunziro amenewa okha ndi amene amawerengedwa, ndipo avereji yake iyenera kufika pa 2.3 mu Division I kapena 2.2 mu Division II, pa sikelo imene A amakhala mapointi anayi. Zimenezi zikutanthauza kuti A amene mwana wapeza pa phunziro la masewera olimbitsa thupi sakweza kalikonse, ngakhale atakongoletsa lipoti la kusukulu. Komanso ofesiyi siisiyanitsa B wokhala ndi kachizindikiro kowonjezera ndi B wamba, onse imawapatsa mapointi atatu. Kuyambira mu Januwale 2023, NCAA inasiya kufuna zotsatira za mayeso olowera ku yunivesite a SAT kapena ACT pa chigamulo chimenechi, ngakhale kuti mayunivesite ena paokha amazifunabe polandira ophunzira.

Lamulo la Division I limene limagwetsa ambiri ndi lakuti mwa maphunziro 16 aja, 10 ayenera kukhala atamalizidwa mwana asanalowe giredi 12, ndipo 7 mwa amenewo akhale a Chingerezi, masamu kapena sayansi. Banja limene limayamba kufunsa za malamulowa mwana atatchuka kale m'chaka chake chomaliza limakhala litachedwa. Chida chimene chinatithandiza kwambiri ndi mndandanda wa maphunziro ovomerezeka a sukulu iliyonse, womwe aliyense angathe kuuona pa tsamba lawo polemba dzina la sukuluyo. Mwana wanga atabwera ndi pepala losankhira maphunziro a giredi 11, tinakhala pa tebulo, iye atagwira pensulo ine ndikuwerenga pa kompyuta, n'kumachonga phunziro lililonse limene likupezeka pa mndandandawo. Phunziro lina la zaumoyo limene analikonda kwambiri chifukwa akufuna kudzaphunzira unamwino silinalipo. Analitengabe, popeza limagwirizana ndi tsogolo lake, koma anawonjezera chemistry kuti nambala ikwanire. Ntchito imeneyi inatitengera madzulo amodzi okha ndipo sitinalipire kanthu.

Gawo lachiwiri la ntchito ya ofesiyi, la nkhani ya malipiro, limafunsa za matimu amene mwana wathamangirapo kunja kwa sukulu, mphoto za ndalama zimene analandira, ndiponso ngati anagwirizanapo ndi munthu womuimira pa zamalonda. Kwa othamanga mitunda italiitali funsoli si lachabe, chifukwa mipikisano yambiri ya mumsewu imapereka ndalama kwa opambana, ndipo mwana wa zaka 16 wothamanga kwambiri atha kupambana akuluakulu Loweruka lililonse la m'chilimwe. Ndi bwino kulemba mpikisano uliwonse, tsiku lake ndi chimene analandira, ndi kusunga malisiti a zimene munawononga pa ulendowo. Amene akuyamba yunivesite mu Ogasiti kapena Seputembala amapempha chigamulo chomaliza cha gawoli kuyambira pa 1 Epulo.

Tsopano ndifotokoze zimene ofesiyi siichita, chifukwa apa ndi pamene makolo amakhumudwa. Kulembetsa sikubweretsa kochi pakhomo, ndipo sikupereka sikolashipu. Kawirikawiri mapepala a mwana amayamba kuunikidwa mokwanira pokhapokha yunivesite ina itamuika pa mndandanda wa ana amene ikuwafuna, choncho munthu atha kulipira n'kukhala miyezi yambiri osaona chosintha pa akaunti yake. Makochi a Division I amaloledwa kuyamba kulankhula ndi mwana kuyambira pa 15 Juni akamaliza giredi 10, ndipo chimene amayang'ana ndi nthawi imene wathamanga pa mamita 1600, pa mamita 3200 ndi pa makilomita 5. Mwayi wa masewera athu ndi wakuti wotchi siinama ndipo siikondera. Nthawi za ana a sekondale zimalembedwa pa masamba monga Athletic.net ndi MileSplit, pamene za ophunzira a ku yunivesite zili pa TFRRS, kotero mwana atha kudziyerekeza yekha ndi anthu a timu imene akuilakalaka, kenako n'kulembera kochi imelo yachidule. Kampani ina inatiimbira foni ikulonjeza kutsatsa mwana wathu kwa makochi pa mtengo wokwera kwambiri. Tinakana, ndipo sindinaone chimene tinataya, popeza zonse zimene ankafuna kutigulitsa zinali kale poyera.

Nkhani ya ndalama imafuna kuiuza mwana mosabisa. Kwa zaka zambiri, yunivesite ya Division I inkaloledwa kupereka masikolashipu 12.6 okha kwa amuna ndi 18 kwa akazi, ndipo amenewa ankagawidwa pakati pa othamanga, odumpha ndi oponya onse a timu imodzi, kotero ambiri ankalandira kachigawo chabe. Mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House v. NCAA, umene ochita masewera anasumira bungweli pa nkhani ya malipiro, ndipo mayunivesite amene analowa mu mgwirizanowu alibenso malire a masikolashipu, koma ali ndi malire a kuchuluka kwa anthu pa timu: 17 pa mpikisano wa cross country (wothamanga mtunda wautali kunja kwa bwalo) ndi 45 pa masewera a m'bwalo. Zotsatira zake n'zakuti malo a ana amene kale ankalowa m'timu popanda sikolashipu n'kumakula pang'onopang'ono achepa m'masukulu akuluakulu. Zimandipweteka mtima, chifukwa wothamanga mtunda wautali nthawi zambiri amakhwima mochedwa, ndipo mtundawo umatalika akafika ku yunivesite: akazi amathamanga makilomita 6, amuna makilomita 8, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse wa Division I amuna amathamanga makilomita 10. Mwana amene sanali woyamba ku sekondale atha kudzakhala katswiri pa mitunda imeneyi ngati atapatsidwa mpata.

Chimene ndikuchiona kuti n'chosowa kwambiri ndi uphungu wa ntchito imene mwana adzagwire akamaliza sukulu. Ofesiyi ili ngati mlonda wa pachipata amene amaona ngati mapepala ali bwino n'kutsegula, koma safunsa ngati nyumba imene mukulowayo ndi imene mukufunadi. Komatu malamulo a mkatimo amakhudza mwachindunji kusankha maphunziro. Wophunzira wa Division I ayenera kusankha digiri yake pofika kumayambiriro kwa chaka chachitatu, ndipo pa nthawiyo akhale atamaliza 40 peresenti ya maphunziro a digiriyo, pa chaka chachinayi 60 peresenti, pa chachisanu 80 peresenti. Amene wasintha maganizo mochedwa, mwachitsanzo kuchoka ku zamalonda kupita ku uinjiniya, atha kupezeka kuti maphunziro amene anatenga kale sakuwerengedwa, ndiye kuti aletsedwa kupikisana nawo. Lamulo limanena kuti zochitika za timu zisapitirire maola 20 pa sabata m'nyengo ya mipikisano, koma maola a paulendo salowa m'chiwerengerocho, ndipo wothamanga mitunda italiitali alibe nyengo yopuma yeniyeni: amathamanga cross country kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala, amalowa m'bwalo la m'nyumba nthawi yozizira, kenako m'bwalo la panja mpaka Meyi kapena Juni. Wophunzira unamwino amafunika kukagwira ntchito m'chipatala tsiku lathunthu, ndipo wa sayansi amakhala mu labotale masana, nthawi yomweyo imene timu imakumana.

Sindikunena kuti ziwirizi sizingayendere limodzi. Yared Nuguse, mwana wa makolo ochokera ku Ethiopia, anathamanga ku sekondale mumzinda wa Louisville, anaphunzira biochemistry pa yunivesite ya Notre Dame kuno ku Indiana, ndipo anapata mendulo ya bronze pa mamita 1500 pa masewera a Olimpiki a ku Paris mu 2024, uku akunena poyera kuti cholinga chake ndi kudzakhala dokotala wa mano. Grant Fisher, amene anapata mamendulo awiri a bronze pa masewera omwewo, anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku Stanford. Koma mwana wathu sangadalire zitsanzo za anthu awiri, ayenera kufunsa kochi aliyense mafunso olunjika. Kodi pa timu yanu pali angati amene akuphunzira unamwino, ndipo angati anamaliza? Kodi labotale ikawombana ndi nthawi yokonzekera, amene amagonja ndani? Kodi ndikavulala, sikolashipu yanga ikhalabe? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa akaunti ya Eligibility Center, ndipo kochi amene amazemba kuwayankha wayankha kale.

Ndi chifukwa chake ndimalangiza makolo kuti asaone Division I ngati khomo lokhalo. Masukulu a Division III sapereka sikolashipu ya masewera, koma amapereka thandizo potengera magiredi ndi kapezedwe ka banja, ndipo ophunzira a ku America opita kumeneko safunika chigamulo cha ofesiyi. Masukulu a Ivy League, gulu la mayunivesite otchuka monga Harvard, ali mu Division I koma nawonso sapereka sikolashipu ya masewera. Bungwe la NAIA, lomwe limayang'anira masewera a mayunivesite ena ang'onoang'ono, lili ndi ofesi yakeyake yolembetsera, choncho kulipira ku NCAA sikuthandiza kumeneko.

Achibale akumudzi akhala akundifunsa ngati mwana amene walemba mayeso a MSCE angadutse njira yomweyi. Ofesiyi imalandira ophunzira a maiko onse, ndipo othamanga ambiri a ku Kenya apikisanapo m'mayunivesite a kuno. Imafuna malipoti a kusukulu kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi cha maphunziro ndi umboni wakuti mwanayo anamaliza sekondale, ndipo lamulo la maphunziro 10 asanafike giredi 12 silikhudza amene anaphunzira kunja kokhakokha. Chofunika kusamala nacho ndi nthawi: amene wamaliza sekondale amapatsidwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza kuthamanga m'mipikisano yovomerezeka kupyola pamenepo asanalowe yunivesite, atha kulandidwa zina mwa zaka zinayi zimene amaloledwa kupikisana. Pamwamba pa izi, kochi amafuna nthawi yolembedwa pa mpikisano wodziwika, osati mbiri yakuti mwanayo amathamanga kwambiri kwawo.

Kwa banja limene lili kuno, ndingalimbikitse kutsegula akaunti yaulere mwana akangolowa giredi 9, kuona mndandanda wa maphunziro ovomerezeka chaka chilichonse asanasankhe maphunziro atsopano, ndi kusunga ndalama yolipira mpaka kochi wa Division I kapena II atasonyeza chidwi chenicheni. Ife tinalipira mwana wathu ali mu giredi 11, ndipo pa mayunivesite amene akulemberana nawo, tinayamba tachotsa onse amene alibe sukulu ya unamwino tisanayang'ane n'komwe nthawi za othamanga awo.