Miyezi 14 ndi maswitch atatu a Catalyst 2960-X

Sabata yatha mnzanga wa ku Zomba anandiimbira kufunsa ngati angagule maswitch (zipangizo zolumikiza makompyuta ndi mafoni pa network) ogwiritsidwa kale ntchito a Cisco Catalyst 2960-X, ngati omwe tinaika kuofesi kwathu. Ndinangoti "gulani achimwene", koma nditadula foni ndinakumbukira mavuto a dzinja lija, ndiye ndalemba izi kuti amve zonse.

Tili nawo atatu, iliyonse ya maport 48 ndi PoE (magetsi odutsa mu kebulo ya network) ya 740W. Makamera, mafoni a padesiki ndi ma access point zonse zimadya moto pamenepo popanda dandaulo. Atatuwa amalumikizana kumbuyo ndi FlexStack-Plus, yomwe imalola maswitch mpaka 8 kukhala ngati imodzi, gulu lotchedwa stack. IP ndi imodzi, configuration ndi imodzi, ndikasintha VLAN (magawo a network) ndimasintha kamodzi basi. Mafani amasokosera pang'ono, fumbi la Okutobala apirira nalo.

Vuto linali kebulo imodzi. Makebulo a stack amayenera kupanga mkombero: yapamwamba kupita ku yapakati, yapakati ku yapansi, yapansi kubwerera ku yapamwamba. Wogulitsa anabweretsa a masentimita 50 okhaokha. Mnyamata wake ataika ma patch panel pakati pa maswitch mu rack, kebulo yachitatu inaperewera, sinafike ku yapamwamba. Anandiuza kuti palibe chodetsa nkhawa, ya mita imodzi ibwera ndi katundu wochokera ku Johannesburg. Magetsi obiriwira ankayaka, ntchito inkayenda, ine ndinasayina.

Mu Januwale magetsi atayamba kuthimathima ndi mvula m'pamene ndinadziwa tanthauzo lake. Switch yapakati mnyamata uja anaibaya pakhoma chifukwa masoketi a UPS (batire yogwirizira magetsi akazima) anali atadzaza. Magetsi akazima, iyo inkazima jenereta isanadzuke, ndipo popeza mkombero unali wosatseka, yapamwamba ndi yapansi zinkasiya kuonana. Iliyonse inkadziyesa master, yolamulira zinzake, zonse ziwiri ndi IP yomweyo. Magetsi akabwera yapakati n'kuyaka, zinkasankhanso master, ndipo yogonja inkadzizimitsa n'kuyambiranso. Ndiye kuti mafoni a ku accounts ankafa kawiri pa kuzima kumodzi. Tsiku lina zinachitika anthu akukonza malipiro, ndipo bwana anabwera yekha kudzaima pakhomo la chipinda cha server. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndine ndinawalimbikitsa kuti tigule maswitch amenewa.

Ndinataya masabata awiri ndikukayikira UPS. Chinanditsegula maso ndi command ya "show switch stack-ring speed", yomwe inalemba Half (mkombero wosatseka) m'malo mwa Full (wotseka). Ndinapezanso kuti priority, nambala yosankhira master, anaisiya pa 1 pa onse atatu, chikhalirecho imafika 15. Ndinaika yapamwamba pa 15, yapakati pa 14, ndinasamutsa pulagi ija kupita ku UPS. Zinachepa, koma mtima sunakhale pansi mpaka kebulo itabwera.

Kubwera kwakeko ndi nkhani ina. Pa WhatsApp wogulitsa ankangoti sabata yamawa. Kenako anati mtengo wasintha chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye tiwonjezere ndalama pa chinthu chomwe chinali kale pa quotation. Ndinawakumbutsa mwaulemu kangapo, mapeto ake ofesi inalipira kawiri. Chitsekereni mkombero uja, switch imodzi ikazima ziwiri zotsalazo zimapitiriza ntchito osadodoma.

Masiku ena ndimaona kuti tinapulumutsa ndalama zambiri poyerekeza ndi atsopano. Masiku ena ndimakumbukira kuti Cisco inasiya kugulitsa mtundu umenewu mu 2022, ndipo wogulitsa wathu anatipatsa chitsimikizo cha miyezi itatu yokha, chomwe chinatha kalekale. Imodzi ikapsa lero, tidzagula ndi ndalama zathu.

Mnzanga uja ndamuimbiranso dzulo. Ndamuuza kuti agule, koma ayeze kaye rack yake ndi tepi, makebulo onse alembedwe kutalika kwake pa quotation, ndipo theka la ndalama alisunge mpaka ataona yekha mawu akuti Full. Kwa wogulitsa wathu uja sindinamutumizeko.