Usiku wokumbukira oimba ku Mangochi: Febuluwale, Meyi kapena Ogasiti?

Eni malo achisangalalo ndi ma DJ a m'mbali mwa nyanja, kuchokera pa boma mpaka ku Monkey Bay, ali ndi nyengo zitatu zoti asankhepo akafuna kukonza usiku wa reggae. Zonse n'zolemekezeka, koma pakhomo sizilowetsa mofanana.

Tsiku lotchuka ndi la 6 Febuluwale, lomwe Bob Marley anabadwa mu 1945 ku Nine Mile, ku Jamaica. Tsoka lake, kuno limagwa dzinja lili pachimake. Ndalama zathera ku feteleza ndi fizi, nkhokwe zili mbee, ndipo mvula imatha kutsika zida zili panja. Chinyezi chikalowa m'mikisa, chida chosakanizira mawu cha DJ, mawu amayamba kuthetheka, ndipo cholumikizira cha magetsi chogona pamchenga wonyowa chimagwira munthu. Okakamira tsikuli apeze malo ofolera, akweze masipika ndi zolumikizira zonse pamatebulo. Awerengenso kalendala: Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, moti mu 2028 ndi 2029 tsikuli lidzagwa m'kati mwa kusala. Kwa boma la Asilamu ambiri ngati lino, phokoso la usiku wonse nthawi imeneyo n'kudziputira mlandu ndi oyandikana nawo.

La 11 Meyi, lomwe Marley anamwalira ku Miami mu 1981 ali ndi zaka 36, n'labwinoko. Mvula yatha, anthu akukolola. Kungoti ndi pakati pa mwezi, apantchito m'thumba mwauma. Kulisunthira kufupi ndi tchuthi cha 14 Meyi kumathandiza.

Ogasiti ndiye amenya mbalame ziwiri, pakuti muli masiku obadwa a oimba awiri omwe Amalawi amaloweza nyimbo zawo. Lucky Dube anabadwa pa 3 Ogasiti 1964 ku South Africa, ndipo Lucius Banda pa 17 Ogasiti 1970. Lucius, wotchuka ndi dzina loti Soldier, ndi mwana wa ku Balaka, boma loyandikana ndi Mangochi, ndipo chimwalirireni pa 30 Juni 2024 chisoni sichinazizire. Loweruka loyamba la mweziwu limapeza malipiro asanathe, sukulu zitatseka, alendo a ku Blantyre ndi Lilongwe ali kunyanja. DJ sasowanso chosewera, chifukwa reggae ya kunja ndi ya kuno zimalandizana usiku wonse.

Mdani wa Ogasiti ndi mwera. Mphepoyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye masipika ayang'ane komwe ikupita. Mukawalozetsa komwe ikuchokera, akumbuyo amangomva besi yokha, DJ n'kumakweza mpaka kuotcha matwita, timasipika ta mawu opyapyala. Miyendo ya masipika muitsendereze ndi matumba a mchenga, awiri pa sitandi iliyonse. Mikisa muiphimbe ndi chitenje pamene sikugwira ntchito, poti mchenga ukalowa m'tizitsulo tokwezera mawu timayamba kukanda. Usiku kumazizira, choncho yambani dzuwa lisanalowe.

Zina sizisintha ndi mwezi. Laisensi yosewerera nyimbo pagulu yochokera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ikhalepo. Jenereta ikhale ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe zida zikukoka, chifukwa besi ikagunda magetsi amatsika ndipo ampu, chida chokuzira mawu, imadzizimitsa. Mafiriji a zakumwa asakhale pa jenereta imodzi ndi zoimbira: injini ya firiji ikamadzuka, masipika amaphulika mawu.

Kwa amene angakwanitse usiku umodzi wokha pachaka, Ogasiti ndiye woyenera. Febuluwale musiyireni yemwe ali ndi holo ya malata osadontha.